Galu Wamkota Sakandira Pachabe

Nkhani ya lero ikuchokera ku Monkey Bay, m'dera la Mfumu Yaikulu Nankumba, m'boma la Mangochi. Amene sanafikeko amalidziwa dera limeneli chifukwa cha sitima ya Ilala, imene inayamba kuyenda pa nyanja ya Malawi m'chaka cha 1951, ndipo doko lake lenileni ndi komweko. Ena amalidziwa chifukwa cha usipa ndi utaka wochokera m'midzi ya asodzi monga Chembe, Msaka ndi Malembo, umene umakagulitsidwa m'misika ya kutali monga ku Limbe ndi ku Lilongwe. Koma pa gombe lomwelo, pakati pa mabwato ndi maukonde, pamakhalanso cholengedwa china chimene aliyense wodutsa amachiona, ngakhale kuti ndi owerengeka amene amaima kuti achiyang'anitsitse. Cholengedwacho ndi galu wokalamba wopanda mwini.

Galu wotere savuta kumuzindikira. Amapezeka atagona pansi pa thandala la usipa kapena mumthunzi wa bwato lakutha, nthiti zikuchita kuwerengeka, ubweya utathothoka pamsana, nsonga za makutu zili zilonda zokhazokha ndipo ntchentche zili ng'waa. Akafuna kudzuka amayamba waima kaye ndi miyendo yakutsogolo, yakumbuyo n'kumatsatira mochedwa. Ana akamuona amatola miyala, ndipo akuluakulu amangoti, "Chokanipo apo, ngwachiwewe ameneyo." Komatu zaka zingapo zapitazo galu yemweyu anali ndi dzina, mwina Taiga kapena Bruno, anali ndi khomo lake, ndipo usiku wonse ankalondera maukonde, nkhuku ndi mbuzi za mbuye wake, masana n'kukathamangitsa anyani kumunda wa chimanga.

Njira zimene galu amafikira pamenepa ndi zodziwika. Asodzi amasamuka kutsata nsomba, ndipo m'boti lodzaza maukonde, nyali ndi katundu mulibe malo a galu wofooka. Wogwira ntchito m'boma kapena pa kampani amalandira kalata yomusamutsira ku boma lina, nakwera galimoto, galu n'kutsala akununkhiza pakhomo lokhomedwa loko. Pena mwini wake wamwalira ndipo abale agawana ziwiya zonse kupatula galuyo. Koma kawirikawiri chimene chimachitika ndi chakuti galu wangoleka kuuwa ndi mphamvu, pakhomo pabwera kagalu katsopano, ndipo wakaleyo waiwalika pang'onopang'ono kufikira tsiku limene njala yamuchotsa.

M'midzi ya m'mphepete mwa nyanja muli anthu ena, amuna ndi akazi, amene amachita chifundo ndi kumutenga galu wotere kupita naye kwao. Anzao amawaseka. Nkhani ino ifotokoza chifukwa chake anthu amenewa sakuchita zopusa, ndiponso ilongosola mmene ntchitoyi iyenera kugwiridwira kuti isabweretse tsoka pabanja.

CHIFUKWA CHAKE NCHIYANI?

Funso loyamba limene anthu amafunsa ndi lomveka ndithu. Amati, ufa ukuperewera ana m'nyumba, nanga munthu wanzeru angatayirenji chakudya pa galu woti mawa lomwe afa? Funso limeneli siliyenera kunyozedwa, pakuti mwana ndiye woyamba pa china chilichonse. Koma yankho lake likukhudza moyo wa mwana yemweyo, ndipo likuchokera ku nthenda imene mudzi uliwonse umaiopa, nthenda ya chiwewe.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization limanena kuti chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka ndi chaka, ambiri mwa iwo ku Africa ndi ku Asia. Mwa anthu 100 alionse odwala nthendayi, pafupifupi 99 amaitenga kwa galu, ndipo anthu anai mwa khumi alionse olumidwa ndi nyama yoganiziridwa chiwewe amakhala ana osakwana zaka 15. Kachilombo kake kamakhala m'malovu. Kakalowa pa bala kamayenda m'mitsempha kupita ku ubongo, ulendo umene nthawi zambiri umatenga miyezi iwiri kapena itatu, ngakhale kuti pena umatenga sabata imodzi yokha ndipo pena chaka chathunthu. Zizindikiro zikangooneka, chiyembekezo chakuti wodwalayo achira chimakhala chitatha.

Mankhwala oteteza alipo kuyambira kale. Pa 6 Julayi 1885, katswiri wa ku France, Louis Pasteur, anapereka katemera wake kwa mnyamata wa zaka zisanu ndi zinai, Joseph Meister, amene analumidwa ndi galu wachiwewe, ndipo mnyamatayo anapulumuka. Pasteur anamwalira pa 28 Sepitembala 1895, ndipo chifukwa chake maiko amakumbukira nkhondo yolimbana ndi chiwewe pa 28 Sepitembala chaka chilichonse. Akatswiri anapeza kuti ngati agalu asanu ndi awiri mwa khumi alionse m'dera alandira katemera, nthendayi imasowa podutsa ndipo imazilala yokha, monga moto wolusa umene wafika pa mseu wolambulidwa bwino. Umboni wake uli m'dziko momwe muno. M'chaka cha 2015, bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za ziweto, linabaya katemera agalu oposa 35,000 mu mzinda wa Blantyre m'masiku 20 okha, ndipo pambuyo pake ntchitoyi inafalikira ku Zomba ndi ku Chiradzulu. Kutali ku Mexico anachita chimodzimodzi kwa zaka zambiri, kufikira mu 2019 pamene dzikolo linavomerezedwa kuti lathetsa vuto la chiwewe chochokera kwa agalu pakati pa anthu ake.

Tsono galu wokalamba akulowa pati m'nkhani imeneyi? Vuto lalikulu la katemera m'midzi ya mu Africa ndi lakuti agalu sakhalitsa. Kafukufuku wochitika m'midzi ya ku Zimbabwe ndi ku Kenya anaonetsa kuti agalu ambiri amafa adakali aang'ono, ochuluka asanakwanitse ndi chaka chomwe. Motero alangizi a ziweto akabaya agalu a m'mudzi chaka chino, pobwera chaka chamawa amapeza ambiri mwa iwo atafa, ndipo m'malo mwao muli tiagalu tatsopano topanda katemera. Mpanda umene anamanga umakhala utagumuka. Ndiye chifukwa chake kupha agalu mwachisawawa sikuthetsa chiwewe. Pa chilumba cha Bali ku Indonesia, pamene nthendayi inabuka mu 2008, anayamba ndi kupha agalu ambirimbiri, koma imfa za anthu zinayamba kuchepa atatembenukira ku katemera. Galu akachotsedwa pa malo pamene pali zakudya, monga pa gombe la asodzi, malowo sakhala opanda galu ai. Pamabwera wina wachilendo amene palibe akudziwa kumene wachokera.

Galu wokalamba amene walandira katemera, ali ndi khomo lake ndipo akudya, ali ngati mzati wolimba mu mpanda umenewu. Sayendayenda kutali, samenyana ndi anzake polimbirana akazi, ndipo malo ake salowapo mlendo. Chaka chilichonse chimene iye wakhala ndi moyo ndi chaka chimene pakhomopo pali galu wotetezedwa. Makolo anati galu wamkota sakandira pachabe, kutanthauza kuti wamkulu sachita kanthu popanda chifukwa. Nayenso munthu womusamala galu wamkotayo sakuvutika pachabe.

Palinso mbali ya chikumbumtima. Ku Mangochi kumakhala Asilamu ndi Akhristu moyandikana, ndipo ngakhale kuti maganizo ao pa nkhani yosunga galu pakhomo amasiyana, zipembedzo zonse ziwiri zimaletsa nkhanza kwa nyama. Asilamu amadziwa nkhani ya munthu uja amene anatsikira m'chitsime natunga madzi ndi nsapato yake kuti amwetse galu waludzu, ndipo machimo ake anakhululukidwa. Akhristu nawo amaphunzitsidwa kuti munthu wolungama amasamala moyo wa chiweto chake. Malamulo a dziko la Malawi oteteza nyama amaletsanso kuzunza chiweto kapena kuchisautsa popanda chifukwa.

ASANAMUTENGE

Chifundo chopanda nzeru chimapweteketsa. Munthu asathamangire kumugwira galu wachilendo ndi manja, ndipo ana asaloledwe kumuyandikira. Choyamba ndi kumuyang'ana ali patali kwa masiku angapo, akumuikira madzi ndi kachakudya pa malo amodzi, pa nthawi imodzimodzi.

Masiku amenewa ndiwo amathandiza kusiyanitsa ukalamba ndi chiwewe, zinthu ziwiri zimene anthu amazisokoneza kotero kuti agalu ambiri osalakwa afa ndi miyala. Ukalamba umabwera pang'onopang'ono. Ubweya wa kukamwa umachita imvi, mano amaperepeseka ndi kuguluka, maso amachita mtambo, miyendo imauma. Galu wokalamba lero ali monga anali mwezi watha, ndipo akaona chakudya amadya, akaona madzi amamwa. Chiwewe ndi chaliwiro. Galu amasintha khalidwe mwadzidzidzi: wofatsa amalusa, amaluma mitengo, miyala ndi chilichonse chomuyandikira, mau ake amasintha, ndipo amayenda mosadziwa kumene akupita. Pali mtundu winanso wa chiwewe umene ndi woopsa chifukwa ndi wachete. Galu salusa, koma chibwano chimalendewera, dovu limachucha, ndipo amalephera kumeza. Anthu ambiri atenga nthendayi polowetsa dzanja m'kamwa mwa galu wotere poganiza kuti watsamwa ndi fupa la nsomba. Galu amene waonetsa zizindikiro za chiwewe sapitirira masiku khumi ali moyo. Woona zizindikiro zotere asayese chifundo cha manja. Akauze mlangizi wa ziweto ndi mfumu nthawi yomweyo.

Chachiwiri ndi kufunsa. Galu wooneka wotayika akhoza kukhala ndi mwini, ndipo milandu yambiri ya pabwalo imayamba ndi chiweto. Nkoyenera kudziwitsa anyakwawa ndi anthu oyandikana nawo kuti galu wakutiwakuti akusungidwa pakhomo lakuti. Kufunsaku kumathandizanso kudziwa mbiri yake: ngati analandirapo katemera, ngati analumapo munthu, kapena ngati analumidwa ndi galu wina, nkhandwe kapena fisi posachedwapa.

Chachitatu ndi kuitana mlangizi wa ziweto, amene ambiri amangomutchula kuti a vetenale. Iye amuyeze galuyo, amubaye katemera wa chiwewe ndi kupereka chiphaso chake, chimene chiyenera kusungidwa pamodzi ndi mapepala ena ofunika a pabanja. Koma pali chinthu chimodzi chofunika kuchimvetsa. Katemera amateteza galu amene sanatenge kachilombo. Sachiza amene kachilombo kakuyenda kale m'thupi mwake. Motero galu amene mbiri yake siikudziwika asungidwe payekha, mu mpanda kapena pa chingwe chachitali pamthunzi, kwa nthawi imene mlangizi wanena, ndipo amudyetse ndi munthu wamkulu mmodzi. Munthu akalumidwa kapena kukandidwa, atsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuti aone ngati bala lipola. Mankhwala azitsamba sateteza ku chiwewe.

CHAKUDYA CHA NKHALAMBA

Cholakwa chimene anthu achifundo amachita kawirikawiri ndi kumudzazira mbale galu amene wakhala ndi njala miyezi yambiri. Thupi lozolowera njala silingalandire chakudya chambiri nthawi imodzi. Galu amasanza, amatsegula m'mimba, ndipo ena amafa kumene chifukwa cha kukhuta kwadzidzidzi. Sabata yoyamba apatsidwe pang'ono, kanai pa tsiku, ndipo muyeso uzionjezedwa mwa pang'onopang'ono. Paja pang'onopang'ono ndi mtolo.

Anthu a ku nyanja ali ndi mwai umene a kumtunda alibe, chifukwa chakudya chomanga thupi chili pakhomo pao. Zotsalira za usipa ndi bonya, zimene zimagwa pa thandala kapena kutsalira pansi pa dengu, zikaphikidwa ndi kusinjidwa, n'kusakanizidwa ndi phala la mgaiwa kapena mkute wofewetsedwa ndi madzi ofunda, zimakhala chakudya chokwanira cha galu wopanda mano. Dzungu kapena mbatata yophika imathandiza m'mimba, ndipo dzira lophika kamodzi kapena kawiri pa sabata limabweza thupi msanga. Gaga yekha ndi madzi amangodzaza mimba. Galu wokalamba sanganenepe naye.

Pali zina zoyenera kupewa. Matumbo ndi mitu ya nsomba zisaperekedwe zaziwisi, popeza zimatha kukhala ndi tizilombo. Minga ya chambo ndi kampango, ndiponso mafupa a nkhuku ophika, amabaya kukhosi ndi m'matumbo. Nsomba zothira mchere wambiri ziyambe zanyikidwa m'madzi. Ndiwo zokhala ndi anyezi wambiri zisaperekedwe, pakuti anyezi amaononga magazi a galu. Ndipo koposa zonse, madzi oyera akhalepo usana ndi usiku. Galu wokalamba asamapite yekha kukamwa ku nyanja kapena kumtsinje, chifukwa amene sakuona bwino kapena kumva bwino ndiye ndiwo ya ng'ona. Mwini wake aonetsetsenso kamwedwe kake. Galu amene wayamba kumwa madzi mopitirira muyeso ndi kukodza pafupipafupi akhoza kukhala ndi vuto la impso kapena nthenda ya shuga, ndipo ngati ndi wamkazi likhoza kukhala vuto la mafinya m'chiberekero, limene limapha msanga likachedwetsedwa.

ADANI A PAKHUNGU NDI M'MIMBA

Kutentha ndi mchenga wa m'mphepete mwa nyanja zimasunga tizilombo tambiri, ndipo galu wotayidwa amakhala atanyamula pafupifupi tonse.

Nkhupakupa zimabisala m'makutu, m'khosi ndi pakati pa zala. Kuonjezera pa kuyamwa magazi, zimafalitsa nthenda imene imaswa magazi a galu monga malungo achitira mwa munthu. Chizindikiro chake chimaoneka pa nkhama. Nkhama za galu wathanzi zimakhala zofiirira. Zikayera ngati pepala kapena kuchita chikasu, galu n'kumangogona, osadya, mkodzo uli woderako, ndiye kuti pakufunika jakisoni wa a vetenale mwamsanga. Pochotsa nkhupakupa, munthu aigwire pafupi ndi khungu ndi kuikoka mosathamanga kuti mutu usatsalire, kenaka aiponye pamoto kapena m'kachitini ka palafini, osaiphwanya ndi zala.

Mphere ndizo zimathothola ubweya ndi kusandutsa khungu kukhala ngati chikopa cha njovu. Zimayamba ndi tizilombo tosaoneka ndi maso timene timakumba m'khungu, ndipo mankhwala ake alipo, operekedwa kangapo motalikitsa masiku. Pali chizolowezi choipa chopaka galu wamphere oilo wakutha wa galimoto kapena wa injini ya boti. Oilo ameneyu amaotcha khungu, ndipo galu akamadzinyambita amameza poizoni. Chimodzimodzinso mankhwala opopera thonje kapena dibi wa ng'ombe wosungunulidwa mongoyerekeza: agalu ambiri afa ndi mankhwala otere m'manja mwa eni ake owafunira zabwino.

Pali ntchentche ina imene amai a m'madera otentha amaidziwa bwino, chifukwa ndi yomwe ija imawachititsa kusita zovala zonse za mwana. Imaikira mazira pa mchenga wa pamthunzi ponunkha mkodzo, kapena pa nsalu yonyowa. Mphutsi zake zimaboola khungu la galu wogona pamenepo ndi kukulira momwemo, n'kutulutsa zotupa ngati zithupsa zokhala ndi kabowo pakati. Kabowoko kakatsekedwa ndi mafuta a Vaseline, mphutsi imasowa mpweya n'kusuzumira kunja, ndipo ikafinyidwa mosamala imatuluka yathunthu. Kupewa kwake ndi kusesa pogona galu tsiku ndi tsiku ndi kuyanika chiguduli chake padzuwa lamphamvu. Matekenya nawonso amalowa m'mapazi a agalu monga achitira ndi anthu, choncho mapazi aziyang'anidwa. Zilonda za kunsonga za makutu zitsukidwe ndi madzi ofunda othira mchere pang'ono ndi kupakidwa mafuta kuti ntchentche zisaterepo.

M'mimba mumakhala njoka, ndipo mankhwala ake ayenera kuperekedwa miyezi itatu iliyonse. Apanso phindu likugwera mwana. Mazira a njoka zimenezi amatuluka ndi chimbudzi cha galu, ndipo ana osewera pa mchenga opanda nsapato amatha kulowedwa ndi tizilombo timene timayenda pansi pa khungu n'kumasiya mizere yoyabwa. Chimbudzi cha galu chikwiriridwe kapena kutayidwa m'dzenje, ndipo aliyense wogwira galu asambe m'manja ndi sopo asanadye.

MAFUPA, MASO NDI MAKUTU

Galu amayamba kuwerengedwa wokalamba akafika zaka zisanu ndi ziwiri kapena zisanu ndi zitatu, ndipo wosamalidwa bwino amatha kupitirira zaka khumi ndi ziwiri. Matenda a pakhungu amachira, koma ukalamba ulibe mankhwala. Chimene munthu angathe ndi kuupeputsa.

Nyamakazi imavuta kwambiri m'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene mphepo ya mwera ikuomba kuchokera kum'mwera ndipo asodzi omwe akuopa kulowa pa nyanja. Galu wokalamba asagone pa simenti kapena pa dothi lonyowa. Thumba lodzazidwa ndi udzu wouma, loikidwa pakhonde kumbali yosafika mphepo, limasintha kadzukidwe kake m'masiku ochepa. Aziyenda pang'ono m'mawa ndi madzulo kuti miyendo isaumiretu, koma asakakamizidwe kuthamanga. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala mdani amakhala dzuwa. Galu satuluka thukuta monga munthu. Amadziziziritsa ndi kupuma wefuwefu, ndipo wokalamba amalephera msanga. Mchenga wa masana umene munthu sangaupondepo wopanda nsapato umaotchanso mapazi a galu. Kumumangirira pa mtengo wopanda mthunzi m'nyengo imeneyi ndi kumupha.

Chenjezo lalikulu ndi la mankhwala a anthu. Poona galu akutsimphina, ena amamumwetsa Brufen, Indocid kapena Panado wogula pa golosale. Brufen ndi Indocid amaboola chifu cha galu ndi kuononga impso, ndipo Panado woposa muyeso amaononga chiwindi. Mankhwala opha ululu oyenera agalu alipo, koma owadziwa ndi muyeso wake ndi a vetenale okha.

Galu amene maso achita ng'ala kapena makutu agontha amakhalabe bwino, chifukwa mphuno yake siikalamba msanga. Chofunika ndi kusasinthasintha malo a mbale yake, madzi ake ndi pogona pake, popeza amayenda ndi chikumbukiro. Ana aphunzitsidwe kuti asamudzidzimutse ali m'tulo, asamukwere pamsana kapena kumukoka mchira. Galu womva ululu amaluma ngakhale amene amamukonda. Womuyandikira ayambe waponda pansi mwamphamvu kuti galu amve kugwedezeka, kenaka amulole anunkhize dzanja. Asaloledwe kuyenda yekha pa mseu wa galimoto, ndipo okhala m'midzi yoyandikana ndi nkhalango yotetezedwa ya Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndi kulembedwa m'kaundula wa UNESCO mu 1984, asamulole kulowa m'thengo kumene angakumane ndi anyani ndi nyama zina.

Pali bala linanso losaoneka ndi maso. Galu amene wakhala akugendedwa zaka zambiri amati akaona munthu akuwerama, iye amathawa, poganiza kuti akutola mwala. Kukhulupirira munthu kachiwiri kumamutengera masabata, pena miyezi. Womusunga asamuyang'anitsitse m'maso kapena kumuthamangira; angokhala chapafupi akusoka ukonde wake kapena akusenda chinangwa, namulankhula ndi mau otsika. Tsiku lina galu adzabwera yekha kudzagona pafupi ndi mapazi ake. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

TSIKU LOMALIZA

Walira mvula walira matope. Wotenga galu wokalamba adziwiretu kuti watenga mlendo wa masiku owerengeka, mwina chaka chimodzi, mwina ziwiri, ndipo udindo wake ukufika mpaka pa mapeto. Idzafika nthawi imene galu sadzathanso kudzuka, adzakana chakudya masiku otsatizana, adzadziipitsira pogona, kapena adzalira usiku wonse ndi ululu. Pamenepo chifundo chimasintha nkhope. Madokotala a ziweto ali ndi jakisoni amene amagonetsa nyama tulo tosadzukanso, popanda ululu, m'mphindi zochepa. Mabungwe osamala nyama, monga Lilongwe Society for the Protection and Care of Animals limene linayamba mu 2008, ndi linzake la ku Blantyre, amadziwa bwino ntchito imeneyi, ndipo mlangizi wa ziweto wa m'dera akhoza kulangiza njira yoyenera.

Chosayenera ndi kumupatsa tameki, kumupachika pa mtengo, kumumiza m'nyanja, kapena kukamutaya kutali kuti akafere komweko. Imfa ya poizoni ndi yowawa koopsa, ndipo mtembo wake umapha nkhuku, agalu ena, afisi ndi mbalame zimene zadyako. Galu akafa akwiriridwe m'dzenje lakuya, kutali ndi chitsime ndi gombe. Ana amene aona zonsezi amaphunzira phunziro limene palibe buku la kusukulu lingawaphunzitse: kuti amene watumikira pa nthawi ya mphamvu zake satayidwa mphamvuzo zikatha. Ana omwewo ndiwo adzasunge makolo ao mawa.

MAU OTSIRIZA

Mu 2015 maiko ndi mabungwe a za umoyo anagwirizana kuti pofika chaka cha 2030 pasadzakhalenso munthu wofa ndi chiwewe chochokera kwa galu. Cholinga chimenechi sichidzakwaniritsidwa m'maofesi a ku Geneva kapena ku Lilongwe, koma m'midzi monga Msaka ndi Chembe, ku Nkhotakota, ku Karonga, ku Nsanje ndi kwina kulikonse kumene kuli galu ndi mwana. Sikuti banja lililonse lingathe kutenga galu wotayidwa, ndipo palibe amene ayenera kudzudzulidwa chifukwa cholephera kutero. Koma pali zinthu zitatu zimene aliyense angathe. Amene ali ndi galu wokalamba asamutaye, ndipo ngati akusamuka amupezere khomo lina asananyamuke. Amene waona mnzake akusamala galu wotere asamuseke, koma amupatseko zotsalira za usipa. Ndipo tsiku limene mfumu yalengeza kuti a vetenale abwera kudzabaya katemera pa bwalo la sukulu kapena pa msika, pasapite agalu amphamvu okhaokha ai. Nkhalamba ija nayonso ipite, ndipo ngati miyendo yakana, inyamulidwe pa wilibala.